Dzina la Pansi pa Khoma

Paki ya Chipilala
7 Ogasiti 2023

Okondeka Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali a Hellen ndi onse kumudzi. Kuno tilipo, mayi a Ufulu akupereka moni. Ndalemba kalata chifukwa nkhani ya pafoni mumaidula pakati, mumati mawu a mumphepo sasungika. Iyi ndiye muisunge.

Mukudziwa kuti chaka chino n'chachitatu ndili kapitawo wa anthu osamalira paki ino. Mumzinda muno mulibe paki ina yakale kuposa imeneyi. Akuti poyamba linali bwalo la perete, pamene ankasonkhanitsira amtengatenga pa nkhondo yoyamba ija asanawasenzetse katundu. Nkhondo itatha, azungu anadzalapo mitengo ya jakaranda n'kumanga chipilala chachitali cha maina a anzawo makumi awiri ndi atatu. Amtengatenga anawaikira mwala wofika m'chiuno, wopanda dzina ngakhale limodzi. Pamwala umenewo ndi pamene amayi ogulitsa zitumbuwa amakhazikapo mabeseni. Khoma la maina a asilikali akuda a nkhondo yachiwiri linabwera mochedwa, ndipo analimanga kumbuyo, pafupi ndi mpopi. Palinso mzinga wakale wadzimbiri pamene akwati amajambulitsirapo Loweruka lililonse.

Tsopano khoma lija lang'ambika. Komiti yokonza paki yati iligwetse, iike miyala yakuda yatsopano, maina onse azokotedwenso. Adzatsegulira pa 12 Novembala, Lamulungu lokumbukira asilikali. Anatiuza kuti tizule kampanda ka maluwa kamene kali m'tsinde mwa khoma kuti alembi aone maina onse. Titazula, tinapeza kuti mzere wapansi unakwiririka ndi dothi ndi ndere kalekale. Ndinagwada n'kukwecha ndekha ndi burashi ya waya. Dzina lomaliza pa khoma lonselo ndi ili: YEREMIYA ZIKHALO, 1944.

Ndinakhala pansi, Bambo. Zaka zitatu ndakhala ndikuthirira maluwa pamwamba pa dzina lathu osadziwa.

Zimene ndikudziwa n'zochepa. Ndimamva kuti a Yeremiya anali mbale wawo wa agogo a Vinsenti, bambo anu, ndiponso kuti ndiwo anabereka azakhali a Jestina n'kukafera kunkhondo. Basi. A komiti apereka fomu yoti banja litsimikize kuti dzina n'lolondola. Ifike kwa iwo pasanafike pa 30 Sepitembala, chifukwa ozokota ayamba pa 2 Okutobala. Akufunanso mizere ingapo ya mbiri ya munthuyo yoti ilowe m'kabuku ka pakiyi. Safunsa anadya phula, ndiye ndikufunsa inu mphunzitsi. Anabadwa liti? Anapita bwanji? Chithunzi chilipo?

Ndaikamo chithunzi cha dzinalo. Chimenechi n'cha azakhali.

Kachewere wachita bwanji chaka chino?

Mwana wanu,
Levison


Bembeke
20 Ogasiti 2023

Levison,

Kalata yako ndalandira. Tili bwino, kupatula mawondo, amene sagwirizana ndi nyengo ino. Chisanu cha Julayi chinapsereza kachewere wa kudimba lakumunsi, koma wakumtunda wapulumuka. Kabichi ku Linthipe watsika mtengo moti Hellen anabwerera nayo theka, tadyetsa nkhumba. Nkhungu m'mawa ikumafika mpaka pakhonde.

Ndakondwa kumva mbiri ya malo ako a ntchito. Jakaranda ndi mtengo wokongola koma suphika nyemba, nkhuni zake n'zaulesi.

Za dzinalo, lili bwino. Lemba kuti n'lolondola, usayine ndiwe, wakula. Mbiri palibe yoti n'kulemba. Munthu anapita, sanabwerere, monga anachitira ambiri. Chithunzi palibe. Nthawi imeneyo kujambulitsa kunali kwa azungu ndi ansembe.

Azakhali ako usawavutitse ndi mafunso. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo mtima wawo suli bwino. Chithunzi chako ndachipereka kwa Hellen, aone yekha chochita nacho.

Mu kalata yako pali mawu awiri amene walemba mothamanga mpaka sindinawawerenge. Dzanja lako likuipiraipira.

Bambo ako,
B. Zikhalo


Bembeke
3 Sepitembala 2023

Iwe Levison, bwana wa maluwa,

Moni kumeneko. Alamu ndi Ufulu uwapatse moni. Kuno tilipo, tikukumba kachewere manja ali gwaa ndi chisanu, pamene iwe ukuyenda ndi kapaipi kuthirira udzu woti anthu azikhalira. Ntchito zina n'zamwayi, abale.

Mvera zimene wayambitsa. Chithunzi chako chija ndinapita nacho kwa azakhali Lachitatu, pa 23 Ogasiti. Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinati, “Azakhali, onani zimene wapeza mwana wanu kutauni, dzina la bambo anu lili pakhoma la boma.” Anapukuta manja, anavala magalasi aja omanga ndi ulusi, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, “Tawerenga iwe.” Ndinawerenga. Akuti, “Werenganso.” Ndinawerenganso, ngati ndili Sitandade 2. Ndiye anachitembenuza chithunzicho chafufumimba, anachitsikiza ndi chitini cha shuga, n'kupitiriza kusankha nyemba. Zikomo ayi, misozi ayi. Ine ndinangoima ngati mtengo wa magetsi.

Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa Bambo. Ukudziwa kuti Lamulungu lililonse pochokera ku Misa amadzamwa tiyi kuno, zaka ndi zaka. Masabata awiri tsopano akumadutsa njira ya kuseri kwa khola. Bambo nawo akumadzuka m'mawa n'kumapukuta njinga yopukutapukuta kale. Ndikafunsa akuti, “Za akuluakulu.” Ine wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wa ana atatu, ndikadali mwana.

Ine maganizo anga ndi awa. Azakhali akwiya chifukwa unalembera Bambo osati iwo. Bambo ndi awo, dzina ndi lawo, koma kalata yapita kwa mwamuna, monga mwa nthawi zonse. Iwe unatumiza kachithunzi kokha ngati ukutumiza sopo. Amayi amenewa ndi amene amasesa pachiliza cha agogo a Vinsenti chaka chilichonse pa 2 Novembala, ife adzukulu enieni tikadali m'mabulangete. Anthu amachita kunena kuti palibe anakonda bambo ake aang'ono ngati a Jestina. Ndiye munthu wotere n'kumudumpha?

Alembere wekha. Uwaitane ku mwambo wakowo, uwalonjeze mpando. Kuwerenga amawerenga, amangochedwa.

Ukamabwera ubweretse burashi ya wayayo, mapoto anga akufuna.

Mlongo wako,
Hellen


Paki ya Chipilala
10 Sepitembala 2023

Azakhali okondeka,

Moni wochokera kwa ine, mayi a Ufulu ndi mdzukulu wanu. Ndamva kuti mtima ukuvutanso. Mankhwala mukumwa?

Ndinalakwa, Azakhali. Nkhani ya bambo anu ndinayenera kuyamba kukuuzani inu. Mundikhululukire, ndi chibwana.

Ndikukuitanani ku mwambo wa pa 12 Novembala. Ndidzabwera ndekha kudzakutengani. Ndalankhula ndi wapampando wa komiti, wati ana a asilikali amene akadali moyo ndi ochepa kwambiri, ndiye mudzakhala kutsogolo, pamthunzi. Pamwambowo amawerenga maina onse a pakhoma mokweza, kuyambira A mpaka Z. Dzina la bambo anu ndilo lomaliza, ndipo likangotchulidwa anthu onse amakhala chete mphindi ziwiri, kenako lipenga limalira. Ndikufuna mudzamve ndi makutu anu.

Chimene ndikupempha ndi mizere iwiri kapena itatu ya a Yeremiya. Chilichonse chimene agogo a Nomsa, mayi anu, anakuuzani. Anali aatali? Ankaimba? Kabuku kali ndi malo a banja lililonse, ndipo tsamba lathu likadali loyera. Fomu ndiyenera kupereka pa 30 mwezi uno.

Yankho mupatse dalaivala wa lole ya kachewere, a Zefaniya, amafika kumsika waukulu kuno Lachisanu lililonse.

Mwana wanu,
Levison


Paki ya Chipilala
1 Okutobala 2023

Achemwali,

Moni nonse. Ndadikira masabata atatu, a Zefaniya asiya kuoneka, yankho la azakhali kulibe. Basi ndiye kuti akadali okwiya. Fomu ndinasayina dzana monga ananenera Bambo, ndinalemba kuti dzina n'lolondola. Pa mbiri ndinangoti, “Mlimi wa ku Bembeke, anasiya mkazi ndi mwana wamkazi.” Khoma lakale agwetsa. Miyala yatsopano yafika, ikuwala ngati galasi, anthu akumadziyang'anirapo tsitsi.

Burashi ndagula.

Levison


Bembeke
17 Sepitembala 2023
(Kalata iyi inafika kwa Levison pa 11 Okutobala)

Mwana wanga Levison,

Ndalandira. Ndilipo. Sindinakwiye ndi iwe ayi. Dzanja langa ndi lonjenjemera, uwerenge mofatsa. Sindinafune kuti Hellen andilembere chifukwa pakamwa pake ndi pamsika.

Pepalalo usasayine. Bambo anga si Yeremiya. Bambo anga ndi Vinsenti.

Ndikuuza monga anandiuzira amayi ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, tikupalira nyemba, atayang'ana uku ndi uku.

A Zikhalo akale anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu Yeremiya, wamng'ono Vinsenti. Mu 1942 kunabwera mesenjala wa kuboma ndi pepala la maina a anthu opita kunkhondo. Panali Yeremiya. Nkhalambayo inati ayi, mwana wamkulu ndiye mwini khola, ng'ombe zikhala ndi yani? Apite wamng'ono. Wamng'onoyo anali atangokwatira amayi anga, ine ndili m'mimba. Sanakane. Nthawi imeneyo mawu a bambo sankabwezedwa. Tsiku loitana maina kuboma, atati Yeremiya Zikhalo, anayankha ndi Vinsenti. Anakwera galimoto.

Mu 1944 mesenjala yemweyo anabwera ndi kalata yoti Yeremiya Zikhalo wafera kunkhondo ku Bama. Sanachoke, anakhala kuti aone mwambo wa maliro. Nkhalambayo inaopa ndende. Inauza mudzi wonse kuti wafa ndi Yeremiya, ndipo amene atchule dzina lina achoke pamudzi. Ndiye analira maliro a Yeremiya, mwini dzina atakhala pakhonde akulandira anthu odzapepesa. Mphunzitsi wa mpingo anapemphera kuti mzimu wa Yeremiya uuse mumtendere, ndipo Yeremiya anayankha nawo kuti amen. Amayi anga anali chigonere pamphasa. Dzina la mwamuna wawo silinatchulidwe ngakhale kamodzi.

Popeza kuboma Yeremiya anali atafa, wotsalayo anatenga chitupa cha Vinsenti. Anapita nacho ku Halale, anakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Pobwera anali Vinsenti basi. Odziwa anali atafa, ena atazolowera. Anakwatira, anabereka bambo ako. Amenewo ndiwo agogo ako, ndipo dzina lawo lenileni ndi limene wakwecha pakhomalo.

Sanali munthu woipa. Anandilipirira sukulu mpaka Sitandade 4, anandikwatitsa ndi ulemu. Koma sanandiyang'anepo m'maso, ndipo ine sindinawaitanepo ndi dzina.

Atamwalira mu 1993, tchalitchi chonse chinapempherera mzimu wa Vinsenti Zikhalo. Aka kanali koyamba kumva dzina la bambo anga m'pemphero, patapita zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinalira mpaka anandinyamula. Anthu anati, taonani mmene ankawakondera bambo ake aang'ono. Ndinawasiya anene.

Pachiliza paja ndimasesa dzina, mwana wanga. Amene agona pansiwo ndimawasesera chifukwa ali pomwepo.

Unafunsa ngati anali aatali. Amayi ankati anali aafupi, odya msanga, ndipo ankaopa achule. Ndi zokhazo zimene ndili nazo.

Ngati anthu akowo akulembanso maina, alembe Vinsenti. Ndiye amene anafa. Ndakhala chete zaka zonsezi chifukwa panalibe wondifunsa. Iwe wafunsa.

Kutauni sindibwera. Sindingakhale kutsogolo pamthunzi n'kumamva bodza lomwelo kachiwiri.

Azakhali ako,
Jestina


Paki ya Chipilala
13 Okutobala 2023

Bambo,

Moni. Ndilemba mwachidule.

Dzana a Zefaniya anandipatsa kalata ya azakhali. Lole yawo inafera pa Linthipe masabata atatu, kalata ili m'thumba la jekete. Inalembedwa pa 17 Sepitembala. Ikanafika nthawi yake, sindikanasayina.

Ndikukhulupirira mukudziwa zimene zalembedwamo.

Dzulo ndinapita kwa wapampando wa komiti ndi kalatayo. Anawerenga yonse, anavula magalasi, anati nkhani zotere wamvapo zinayi chiyambire ntchitoyi. Koma pamwala pamalembedwa dzina limene lili m'buku la asilikali, ndipo m'bukumo muli Yeremiya. Anati banja likanakana fomu, akanasiya mpata pamwalapo mpaka nkhani ifufuzidwe. Anatulutsa fomu ija n'kundionetsa siginecha yanga. Mwala wa Z anazokota Lachiwiri lapitali. Kabuku kali kale kosindikiza. Ndinapita kukauona mwalawo. Zilembo n'zakuya, chala chimalowa.

Azakhali adikira zaka makumi asanu ndi atatu kuti wina awafunse. Mpata unapezeka umodzi, ndipo ndautseka ine ndi dzanja langa, chifukwa inu munati dzina lili bwino. Ndakwiya, Bambo, ndipo sindibisa. Munandiphunzitsa kuti munthu sasayina chimene sanawerenge.

Funso langa ndi limodzi. Munkadziwa?

Levison


Bembeke
22 Okutobala 2023

Levison,

Ndinkadziwa.

Bambo anandiuza masiku anayi asanamwalire, mu Juni 1993. Anatulutsa anthu onse m'nyumba. Anati, “Bonifasio, ine ndine Yeremiya.” Ndinaganiza kuti ndi malungo. Anafotokoza zonse mwadongosolo, mutu uli bwinobwino. Pomaliza anati pachiliza ndidzalembe dzina lawo lenileni, dzina la mng'ono wawo ndilibweze.

Sindinachite. Ndinali mphunzitsi wamkulu, wapampando wa tchalitchi chathu chaching'ono. Satifiketi yanga iliyonse imati mwana wa Vinsenti. Ndinadzifunsa kuti ndiima bwanji pamaso pa anthu n'kunena kuti bambo anga anatumiza mng'ono wawo kukafa, n'kumulanda ndi dzina lomwe. Simenti ya chiliza ili yaiwisi, ndinatenga msomali n'kulemba ndekha VINSENTI. Dzanja langa linali labwino nthawi imeneyo, zilembo zake mpaka lero n'zowongoka.

Achemwali a Jestina ankadziwa kuti ndikudziwa. Zaka makumi atatu tamwa tiyi limodzi Lamulungu lililonse osaitchula nkhaniyi. Ndinkayesa kuti ndiko kugwirizana. Kalata yako yoyamba itafika ndinachita mantha ngati mwana wa sukulu, ndipo ndinakunamiza. Kukwiya kwako n'koyenera.

Madzi akatayika saoleka. Mwala wakowo sindingaufikire. Koma wakuno uli m'manja mwanga. Pa 2 Novembala, tsiku lopempherera akufa, anthu onse akadzasonkhana kumanda, ndidzachita zimene bambo anandituma. Ndabwereka nyundo ndi tchizulo, ndagula kathumba ka simenti. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Achemwali sindinawauze. Ndikufuna adzaone ntchito, osati malonjezo.

Bambo ako,
Bonifasio


Bembeke
3 Novembala 2023

Levison,

Moni. Khala pansi kaye, usawerenge uli chiimire ndi kapaipi kako.

Nkhani yonse ndaimva tsopano, ine wotsiriza monga mwa masiku onse. Akuti pakamwa panga ndi pamsika. Chabwino. Msika ndi umene ukukulemberawu.

Dzulo tinapita kumanda itatha Misa ya m'mawa. Anthu anali ambiri, makasu, matsache, maluwa a m'zitini. Azakhali anali atafika kale monga mwa chizolowezi, atasesa, atakhala pambali pa chiliza cha agogo akupuma. Ndiye akutulukira Bambo atavala jekete ya suti, akukankha wilibala. Anthu anasiya kulima.

Anaima, anavula chipewa, n'kuyamba kulankhula ndi mawu aja a pa asembule. Ananena zonse, Levison. Za mesenjala, za khola la ng'ombe, za msomali. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono. Ine manyazi anandigwira, komanso ndinawanyadira, sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti. Atatha anagwada, mawondo akulira, anaika tchizulo pa chilembo choyamba, anakweza nyundo.

Azakhali anadzuka. Sindinawaonepo akufulumira chonchi. Anapita n'kukakhala pachiliza penipenipo, pamwamba pa dzina, anayala chitenje bwinobwino ngati ali pa basi.

Bambo akuti, “Achemwali, tasunthani, ndikukonza.”

Azakhali akuti, “Ukukonza chiyani?”

“Ndikubweza dzina la bambo anu.”

“Ukulibweza kuti?”

Bambo anatsitsa mkono.

Azakhali akuti, “Kutauni alemba Yeremiya, pamwala wosafufutika. Iwe ulembenso Yeremiya pano. Bambo ako akhala ndi miyala iwiri. Nanga anga atsala pati? Dziko lonse lino dzina lawo lili pano pokha, pamene ndakhalirapa. Unalemba ndi bodza, inde, koma ndi lokhali limene ndili nalo. Bonifasio, zaka makumi atatu sunandifunse, lero sunandifunsenso.”

Iii, Levison. Bambo anatula nyundo pansi. Anakhala pa wilibala, jekete yonse simenti, analira. Azakhali anawasiya alire pang'ono, kenako anawapatsa tsache. Akuti, “Kuseri uko sindinasese, msana wandikana.” Bambo anasesa.

Simenti ija azakhali ati tikamatire pakhonde pawo pamene pakumbika.

Pobwerera anandigwira mkono njira yonse. Anandituma mawu awiri oti ndikuuze, ndipo ndikulemba monga ananenera. Oyamba: akadzamwalira tisadzawatengere kumudzi kwa malemu amuna awo, tidzawaike pafupi ndi dzinalo. Bambo avomera pamaso pa anthu. Achiwiri ndi ako. Akuti, “Umuuze Levison asadzizunze ndi pepala lija. Pamwambo wawowo, akadzawerenga Yeremiya Zikhalo, iye adzanene chamumtima kapena monong'ona kuti Vinsenti. Kamodzi kokha. Amayi anga analetsedwa kulitchula, iye palibe womuletsa.”

Lamulungu likubwerali akuti abwera kudzamwa tiyi. Ati shuga tiwonjezere.

Burashi ija sinafikebe.

Hellen


Paki ya Chipilala
13 Novembala 2023

Azakhali okondeka,

Moni. Ndikhulupirira mtima wakhazikika. Kuno mvula yoyamba inagwa Lachisanu, jakaranda wayoyoka, njira zonse za m'paki zili buluu. Tinasesa Loweruka lonse.

Mwambo unachitika dzulo. Anayambira pa chipilala cha azungu, anaika nkhata zamaluwa. Anapita pa mwala wa amtengatenga, umene tsiku limeneli amayi a zitumbuwa amachotsapo mabeseni. Kenako anafika pa khoma latsopano. Mpando wanu unalipo kutsogolo, pepala la dzina lanu litamatidwa. Sindinauchotse. Ine ndinaima kumbali, pafupi ndi mpopi, ndi anzanga a ntchito, tonse titavala maovolosi ochapa.

Maina ankawerenga msilikali wina wamkazi, pa chimkuzamawu. Ndi maina mazana atatu ndi khumi ndi limodzi. Anatenga nthawi, dzuwa linatentha, ena anayamba kudzikupiza ndi mapulogalamu. Kenako anafika pa Z.

Anati, “Yeremiya Zikhalo.” Anatsitsa pepala.

Munati monong'ona, Azakhali, ndipo ndinafuna kutero. Koma ndinaiwala zimene ndinakulemberani ine ndemwe, kuti dzina limeneli likangotha anthu onse amakhala chete. Paki yonse inali zii, ngakhale magalimoto a pamsewu anali atawaimitsa. Ndinati, “Vinsenti.” Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira. Anthu a kutsogolo anatembenuka. Wapampando wa komiti anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

Msilikali uja anadzidzimuka. Anakwezanso pepala lake, anayendetsa chala mpaka pansi, anatembenuza kuseri. Ndikuganiza kuti anayesa kuti wadumpha dzina ndipo wina wa pabanja akumukumbutsa. Anayandikiranso chimkuzamawu, anaima njo, nati, “Vinsenti Zikhalo.”

Zitatero anthu anakhala chete mphindi ziwiri zija. Asilikali anachita sawatcha. Lipenga linalira.

Palibe anandifunsa kanthu pambuyo pake. Pamwala sipanasinthe chilichonse, ndipo m'kabuku mwalembedwa zomwe zija. Koma linamveka mpaka kumsika, Azakhali. A Zefaniya ulendo uno anabwera Lamulungu, anali kumeneko akutsitsa kachewere, mukhoza kuwafunsa.

Lero m'mawa ndasesa pa mzere wapansi. Kampanda ka maluwa ndawauza anzanga kuti tisadzalenso pamenepo.

Mwana wanu,
Levison